Sefa ya madzi ya RO patatha miyezi 8: ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Timakhala ku Nathenje, ndipo madzi a pampopi pathu amachokera pamjigo wa pakhomo, kukwera m'thanki, kenaka kutsikira kukhitchini. Amene mudafikako kuno mukuwadziwa mano a anthu ambiri: ofiirira, amathothomathotho ngati chimanga chootcha. Mwana wanga woyamba mano adathimbirira ali Sitandade 2. Wachiwiriyu ali ndi zaka 3, ndiye ndidati ameneyu yekha ayi.

Poyamba ndidagula kajagi kosefa ndi makala. Ndalama zidangolowa m'madzi. Makala amachotsa fungo ndi klorini, koma fluoride, mchere wa m'madzi umene umathimbiritsa manowo, imadutsa ngati palibe chilichonse. Kuwiritsanso sikuthandiza, chifukwa chimene chimauluka ndi nthunzi, fluoride imatsala mumphika momwemo, mwinanso kuchulukirako.

Kenaka ndidagula sefa ya reverse osmosis (RO), imene imakankha madzi kudutsa pa kansalu kosefa kotchedwa membrane, ya magawo 5, yoika pansi pa sinki. Ndidatenga mabotolo awiri kupita nawo kukayezetsa ku labu mumzinda. Madzi a pamjigo adapezeka ndi fluoride yopitirira 3 mg pa lita, pomwe bungwe la WHO limati isadutse 1.5. Osefedwa adatsika kufika pansi pa 0.5. Pamenepo ndiye sefayi yandigwira mtima, ndipo tiyi sakuchitanso kachikungu pamwamba paja. Apongozi anga okha ndiwo akudandaula, akuti madziwa ndi ozizira m'kamwa ngati a mvula, samva kuti amwa kanthu.

Tsono zimene wogulitsa sadandiuze. Kuti mupeze lita imodzi yabwino, malita 3 kapena 4 amatuluka ndi kapaipi kena kupita kungalande. Mwezi woyamba ndinkadabwa thanki ikutha msanga, mpaka kukalipira mtsikana wantchito kuti akuwononga madzi, chonsecho wolakwa ali phee pansi pa sinki. Pano kapaipiko ndidakalozetsa m'chidebe, madziwo timakolopera ndi kuthira kuchimbudzi. Kuphikira ayi, chifukwa zonse zokanidwa ndi sefa zija zili mmenemo.

China ndi magetsi. Thanki yathu ndi yaifupi, madzi alibe mphamvu, choncho sefayi imadalira kapampu. Magetsi akazima mumangotsala ndi madzi a m'kathanki kake, osakwana ndowa imodzi, ndiye timadzaziratu zigubu usiku. Gawo loyamba, logwira matope lija, pepala limati musinthe pa miyezi 6, koma kwathu lidachita bii patangotha miyezi iwiri mvula itayamba. Gulirenitu awiri kapena atatu, sapezeka paliponse.

Musanyengedwenso ndi kachipangizo ka TDS kamene amakupatsani ngati basera. Kamangoonetsa kuchuluka kwa mchere wonse m'madzi, sikayeza fluoride payokha. Ine ndimakagwiritsa ntchito pongofuna kudziwa ngati membrane yayamba kutopa: nambala ikayamba kukwera, nthawi yosintha yayandikira.

Mano a wamkulu uja sadayere ndipo sayeranso ndi sefa. A dokotala a mano adandiuza kuti fluoride imawononga mano akadali kuumbika m'nkhama, mpaka zaka pafupifupi 8, ndipo thotho likakhala lakhala. Wamng'onoyu ndiye phala lake, tiyi ndi botolo la kumkaka zonse zikuchokera pakampopi kakang'ono ka sefa kaja.