Diresi la m'sitolo kapena la kwa telala?

Amayi anzanga a kuno ku Joni, diresi losoka kale lili ndi ubwino wake. Mukalowa mu Mr Price kapena Ackermans mumayesa saizi 36, likathina mumatenga 38, tsiku lomwelo mwatchena. M'timashopu ta mu Small Street mtengo umatsikako, koma XL yochokera ku China nthawi zambiri imachepa, ndipo ena salola n'kuyesa komwe.

Ine mtima wanga uli kwa telala. Ambirife diresi la m'sitolo likakwana m'matako, m'chiuno limakhwepa, zipi n'kumatukumuka kumsana. Telala amakuyezani ndi tepi pachifuwa, m'chiuno, m'matako mpaka m'maondo, chitenje chija munachokera nacho kumudzi n'kukukhalani bwinobwino. Kungoti ngati ndi la ukwati, kaperekeni nsalu kudakali milungu iwiri, mupeze mpata wokayesa asanapinde m'munsi.