Tizipanira ta ferrite tochotsa phokoso pa wailesi ya galimoto: nyenyezi 4 pa 5

Tizipanira timeneti ndi timphete ta ferrite (chinthu cholimba chakuda chokhala ndi chitsulo) ta zidutswa ziwiri, tomwe mumapana pa waya wa magetsi. M'paketi muli tizipanira 10, ta mabowo a 5 mm, 7 mm ndi 9 mm. Ndatiyesa pa Sienta ndi Probox zoyenda pakati pa Luchenza ndi Chitakale. Timagwiradi ntchito, koma pa phokoso la mtundu umodzi wokha, ndipo izi pa paketi sanalembe.

Phokoso lomwe timathetsa ndi lija la "shiii" lomwe limayamba mukangobaya chaja ya foni kapena kuyatsa mababu a LED. Zipangizo zimenezi zimadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira kwambiri, ndiye waya wake amasanduka eriyo yomwaza phokoso mpaka pa FM. Kwathu kuno zimanyanya chifukwa m'zigwa za m'minda ya tiyi siginolo imafika yofooka kale, komanso wailesi zambiri zochokera ku Japan zimalekeza pa 90 MHz, choncho ambiri anaikitsa ka expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni opitirira 90 MHz, komwe nakonso kamatola phokosolo.

Kaikidwe ndi komwe ambiri amalakwitsa. Panani pafupi ndi chaja kapena babu, osapitirira 5 cm, osati kuseri kwa wailesi. Mawaya onse awiri, wa positive ndi wa negative, adutse m'bowo limodzi. Bowo likalola, zungulizani waya kuti adutsemo kawiri, mphamvu yotchinga imakwera pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake ta 9 mm ndi tomwe tili ndi phindu. Chondidandaulitsa ndi loko yake ya pulasitiki: m'mabampu imatseguka, ndipo zidutswa ziwirizo zikasiyana pang'ono pokha, ntchito yathera pomwepo. Mangani ndi cable tie.

Koma ngati wailesi ikulira "wiii" mokwera mukaponda moto, musataye ndalama pa ferrite. Imeneyo ndi alternator (yotchaja batire) kapena earth (waya wa negative womangidwa ku chitsulo cha galimoto). Injini ikulira, yezani pa batire ndi multimeter: pa DC muone 13.8 mpaka 14.4 V, pa AC ikapitirira 0.5 V ndiye kuti mwina diode ya mu alternator yapsa. Earth nayo imadyedwa msanga ndi dzimbiri m'chinyezi cha chiperoni. Masulani bawuti ya earth, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenako pakani girisi pamwamba.

Phokoso la "tetete" lotsatira injini limachokera ku mapulagi opanda resistor. Pa mapulagi a NGK yang'anani chilembo R chosonyeza kuti muli resistor, monga BKR5E.