Wikendi ku Scotland: Edinburgh, Loch Lomond kapena Blantyre, wakuchigwa ayambire pati?

Inu amene mwangofika kumene ku Glasgow kudzaphunzira, makamaka akwathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, funso lanu limakhala lomwelomweli Lachisanu lililonse, mawa tipite kuti poti ndalama ya sikolashipu njowerengeka chonchi? Malo amene anthu amalimbirana ndi atatu: Edinburgh, Loch Lomond ndi Blantyre wa konkuno, kwawo kwa David Livingstone, amene wathu uja anatengerako dzina pomwe amishoni ankakhazikitsa mishoni mu 1876. Konse kutatuku umapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, palibe zolipira malo ogona. Ndineneretu kuti ine ndili mbali ya Blantyre, koma enawo sindiwapondereza ayi.

Mayendedwe kaye, chifukwa thumba ndi limene limalamula. Ku Blantyre ndiye pakhomo penipeni, sitima ya pansi pa Glasgow Central, mphindi ngati 20 mwatsika, kenako muyende wapansi pang'ono kutsetsereka ndi Station Road. Ku Edinburgh sitima mumakwerera pa Queen Street, pafupifupi mphindi 50 muli pa Waverley pakati pa mzinda, kapena basi ya Citylink nambala 900 pa Buchanan Bus Station, iyo imadya kupitirira ola koma njotchipirako. Ku Loch Lomond mukwere sitima ya ku Balloch pa Queen Street pomwepo koma kunsi, nayonso mphindi 50 kapena kuposerapo pang'ono. Amene simunakwane zaka 22 muli ndi mwayi, kuyambira 2022 achinyamata okhala mu Scotland amakwera basi ulele akakhala ndi khadi lake. Ife a masitazi amene tinasiya ana kumudzi zimenezo zinatipitirira kalekale, chathu ndi 16-25 Railcard, musaope dzinalo, wophunzira wa fulutaimu ngakhale ali ndi imvi amaloledwa kugula, ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti.

Edinburgh ndi wokongola, pamenepo tisanamizane. Ukangotuluka pa siteshoni mpanda wa mafumu uja, Edinburgh Castle, uli pamwamba pa thanthwe ukukuyang'ana, nyumba zamiyala zakuda bii, ndipo zithunzi zimene abale kumudzi akufuna kuona pa WhatsApp kuti akhulupirire kuti mwanadi ali kunja zimajambulidwa kumeneko. Vuto lake mzindawu umadziwa kuti ndi wokongola ndiye chilichonse amatchaja. Kulowa mu Castle ndi ndalama yoti ukaisintha mu makwacha mutu umayamba kuwawa, ine ndimati imani panja, dikirani 1 koloko masana mumve mzinga umene amaombera tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, basi mwaonako. Zaulere zilipo ndipo ndi zimene zili zabwino. National Museum of Scotland pa Chambers Street salipiritsa pakhomo, muli nkhosa ija Dolly imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina mu 1996, yaima m'galasi ikuzungulira. Phiri la Arthur's Seat ndi mamita 251 okha, munthu woti unakwerapo zitunda za pa Thabwa sungachite nalo befu, koma mphepo ya pamwamba pakeyo njosaseka nayo. M'munda wa Princes Street muli chiboliboli cha David Livingstone, ndipo a Kamuzu Banda anamalizira maphunziro a udokotala mu mzinda womwewu mu 1941. Ofesi ya Scotland Malawi Partnership, bungwe la ubale wa Scotland ndi Malawi, ilinso konko. Koma mwezi wa Ogasiti, nthawi ya zisudzo za Fringe, msewu wa Royal Mile umadzaza ngati msika wa pa Nchalo tsiku la malipiro, ngati simukonda kukankhana dikirani mwezi wina.

Chinthu china chimene sindinachizolowere ku Edinburgh: aliyense ndi mlendo. Ukafunsa njira wokuyankhayo nayenso wafika dzulo kuchokera ku Spain kaya ku China. Ubwerako utaona zambiri koma usanacheze ndi munthu.

Loch Lomond ndi ya tsiku limene mutu watopa ndi ma asainimenti. Ndi nyanja yaikulu kuposa zonse za mu Great Britain tikatengera kukula kwa pamwamba pa madzi, ngakhale kwa munthu amene anaonako nyanja ya Malawi angoti aa, ndi yomweyi? Kukongola kwake ndi mapiri ozungulira ndi tizilumba, makamaka mukalimba mtima n'kukafika ku Balmaha kukwera Conic Hill, mamita 361, pamwamba pake tizilumba timaoneka titandandalika pamzere. Ife okulira m'mbali mwa Shire tinaphunzitsidwa kuti ukayandikira madzi maso akhale pa ng'ona ndi mvuu, ndiye zimakhala zachilendo kuona ana akuponya miyala m'mphepete amayi awo ali pa foni osatekeseka. Ng'ona kulibe, zoona, koma musavule malaya. Madzi ake ndi ozizira koopsa ngakhale dzuwa liwale bwanji, ndipo pansi pamatsika mwadzidzidzi, anthu odziwa kusambira amamira momwemo. Miyezi yotentha kulinso tizilombo touluka totchedwa midges, sitipatsa malungo koma timabwera gulu ndipo timaluma mpaka m'tsitsi. Kukagwa mvula ulendo wonse wafa, mungokhala mu shopu ku Balloch kumwa tiyi wodula.

Tsopano Blantyre. Kukongola alibe, ndi katauni wamba ka anthu ogwira ntchito, kale kanali ka migodi ya malasha ndi fakitale ya thonje, ndipo mnzanu wa ku Nigeria kapena ku India mukapita naye adzakufunsani kuti mwandibweretsera chani kuno. Koma kwa mwana wa kuchigwa nkhani yake ndi ina. Kumapeto kwa msewu kuli nyumba yoyera yosanja, Shuttle Row, mmene munkakhala mabanja 24 a antchito a pafakitale, banja lililonse chipinda chimodzi. Livingstone anabadwira m'chipinda chimodzi mwa zimenezo pa 19 Malichi 1813. Mukalowa mudzaona mabedi olowa m'khoma, poyatsira moto pomwe panali pophikira pomwepo, ndipo mukayamba kuwerenga m'mutu kuti makolo ndi ana onse ankagona bwanji mmenemo, zija timaganiza kuti mzungu aliyense anabadwira pabwino zimayamba kusungunuka. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupitanso ku sukulu ya usiku.

Thonje, abale. Ife amene tchuthi chathu chinkathera m'munda kutola thonje ku Ngabu, zala zitachekekachekeka, kenako kudikira pa sikelo ogula akunena kuti ili ndi giredi B, tikaima pamenepo timamva zina. Mnyamata wa mufakitale uja atakula anakwera Shire mu 1859 pa sitima yapamadzi yotchedwa Ma Robert, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo, ndipo maganizo ake anali oti thonje la m'chigwa chathu lizipita ku mafakitale a kwawo m'malo mwa lolimidwa ndi akapolo ku America, kuti malonda amenewo aphe malonda a anthu. Kaya munena kuti anatithandiza kaya anatsegulira njira atsamunda, mkangano umenewo tikhoza kuchezera nawo usiku wonse, koma poyambira pake ndi m'chipinda chimenechi.

Ndipo mayina amene mukumane nawo pa ulendo wake wa mu Shire ndi a kwathu enieni. Mathithi a Kapichira amene anatsekereza sitima yake, iye n'kuwatcha Murchison. Mudzi wa Chibisa pafupi ndi pa boma pa Chikwawa. Dambo lija la Elephant Marsh dzina analipatsa ndi iyeyo ataona njovu zosawerengeka, lero mungayende ndi bwato tsiku lonse osaona ngakhale imodzi. Bishopu Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni amene anatsatira Livingstone, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo mkazi wa Livingstone, Mary, anamwalira chaka chomwecho ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Chachikulu kwa ife ndi Amagololo, anthu amene anabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi kwa mfumu Sekeletu, iye atabwerera iwo anatsala ndi mfuti zawo n'kukhala mafumu pakati pa Amang'anja a Lundu. Maufumu a Kasisi, Maseya ndi Katunga amene timalemba pa mafomu kuti T/A wakutiwakuti anayambira pamenepo. Tangoganizani kulemba adilesi ya kwanu zaka zonsezi, kenako n'kudzaima pamalo pamene panabadwira munthu amene anachititsa kuti ikhale choncho.

Nyumba ya Shuttle Row ija tsopano ndi yosungiramo mbiri ya Livingstone, anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo chimene ndinakonda n'choti sakumuonetsanso ngati munthu amene anayenda yekha mu Africa. Aikamo nkhani za anthu akuda amene ankamutsogolera, kumumasulira ndi kumusenzera katundu, kuphatikizapo Susi ndi Chuma amene ananyamula thupi lake kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kukafika kugombe. Komabe musayembekezere kuti mbali ya Amang'anja ndi Asena imveka mmene agogo amaifotokozera pabwalo, ndi nyumba ya Livingstone, mwini nkhani ndi iyeyo. Polowa m'nyumbamo amalipiritsa, koma bwalo lakunja ndi laulere, pali chiboliboli chachikulu cha mkango utamugwira paphewa monga zinachitikira ku Mabotsa mu 1844, ndipo kuseri kuli kamlatho ka apansi kowolokera mtsinje wa Clyde kupita ku Bothwell. Anthu ogwira ntchito pamenepo ukangoti ndine wa ku Malawi nkhope zimasintha, mafunso amayamba, ena anafikako kwathu ndi a mpingo. Chingerezi chawo n'chothamanga zedi, musachite manyazi kunena kuti abwereze. Muone kaye pa intaneti masiku otsegula musananyamuke, amasintha malinga ndi nyengo.

Ndiye kwa ine Blantyre akhale woyamba, theka la tsiku likwanira ndipo madzulo mubwerera ku mabuku. Edinburgh musungire tsiku limene sikolashipu yangolowa kumene kapena kwabwera mlendo. Loch Lomond muyang'ane zanyengo pa foni m'mawa womwewo, kukacha bwino nyamukani osadikira anzanu ochedwa kudzuka aja. Kulikonse mupite tengani mpunga wanu m'kontena ndi jekete la mvula, ndipo kumbukirani kuti mu Disembala 4 koloko isanakwane kunja kwada kale, pamene mu Juni 10 koloko usiku kukadali kowala. Achimwene ndi achemwali a ku Aberdeen ndi ku Dundee, kwa inu mitunda isintha ndithu, Edinburgh ndi amene akuyandikireni kuposa enawo.