Nyumba Yosungira Mbiri ya Matenda a Minamata: Malo Oyenera Kuwachezera Mosathamanga

Nyumba ya Minamata Disease Municipal Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1993 m'tauni ya Minamata, m'chigawo cha Kumamoto ku Japan, salipiritsa polowa, ndipo ntchito yake ndi kufotokoza momwe zinyalala za fakitale imodzi zinaonongera nyanja ndi miyoyo ya asodzi.

Kuyambira mu 1932 mpaka mu 1968, kampani ya Chisso inkataya m'nyanja madzi otsala popanga mankhwala a acetaldehyde, ndipo madziwo anali ndi methylmercury, poizoni wochokera ku chitsulo chotchedwa mercury. Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti zithunzi ndi malongosoledwe ake amathandiza mlendo kumvetsa chifukwa chake chitsulo chopezeka pang'ono chabe m'madzi chingathe kupha munthu. Poizoniyu sachoka msanga m'thupi la chamoyo, choncho tizilombo ta m'madzi tikamumwa, nsomba n'kudya tiziromboto, munthu n'kumadya nsombazo tsiku ndi tsiku, amaunjikana pa sitepe iliyonse mpaka kuononga ubongo ndi mitsempha. Amphaka ndiwo anayamba kudzandira ndi kugwera m'nyanja, kenako anthu anayamba kuchita dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kuvutika kulankhula ndiponso kusaona za m'mbali, ndipo ana ena anabadwa atadwala kale. Dokotala Hajime Hosokawa, wa pachipatala cha kampani ya Chisso, anakanena za matendawa kwa akuluakulu a zaumoyo pa 1 Meyi 1956, koma boma linavomereza gwero lake mu 1968, patapita zaka 12 madzi oipawo akuthiridwabe.

Nyumbayi imakonzanso zoti magulu a alendo amvetsere anthu otchedwa kataribe, omwe ndi odwala kapena abale awo, akusimba zimene zinawaonekera, kuphatikizapo kusalidwa ndi anansi amene ankaganiza kuti nthendayi ndi yopatsirana. Iwo amalankhula Chijapanizi, motero wosadziwa chinenerochi achite bwino kukonzeratu womasulira.

Kwa ine, phunziro lalikulu lili panja, ndipo mlendo wothamangira basi akhoza kuliphonya. Paki yokongola ya Eco Park Minamata, yomwe ili moyandikana ndi nyumbayi, ili pamalo a mahekitala pafupifupi 58 amene kale anali nyanja. Pakati pa 1977 ndi 1990, matope a pansi pa nyanja okhala ndi mercury wopitirira magawo 25 pa miliyoni anakumbidwa kapena kutsekeredwa pomwepo, n'kukwiriridwa ndi dothi kuseri kwa khoma lachitsulo, chifukwa mercury sawola ngati zinyalala zina. Ukonde umene unkatchinga nsomba za pagombeli kuyambira mu 1974 unachotsedwa mu 1997, zitatsimikizika kuti nsombazo zikhoza kudyedwa. Ndikulangiza kupatula theka la tsiku, kuti mukatuluka m'nyumbayi muyende pakapinga ameneyu kenako mukafike pa ngalande ya Hyakken, pamene madzi a fakitale ankatulukira.