It's Alive kapena Loco Live: chimbale chiti cha Ramones?

Ramones linali gulu loimba punk rock la ku America. Zimbale zonse ziwiri anazijambula pa shoo, anthu akukuwa. It's Alive anachijambula ku Rainbow Theatre, London, usiku wa pa 31 December 1977, chinatuluka mu 1979. Loco Live ndi cha ku Barcelona, 1991.

Oimba: Joey ndi Johnny ali monse. Choyamba muli Dee Dee ndi Tommy, chachiwiri C.J. ndi Marky.
Nyimbo: It's Alive nyimbo 28, ola silikwana, zonse za m'zimbale zawo zitatu zoyambirira. Loco Live chikuwonjezera za m'ma 1980.
Kamvekedwe: choyamba chimathamanga koma mawu amamveka. Chachiwiri liwiro lanyanya, Joey amameza mawu, ine chimanditopetsa.

Ngati mukungoyamba kumvera Ramones, tengani It's Alive. Loco Live chisiyireni otolera zimbale zawo zonse.