Tamron 35-150mm f/2-2.8 pa ukwati: lenzi imodzi, ntchito ziwiri, koma mkono umadandaula

Akwati a masiku ano amafuna zinthu ziwiri pa tsiku limodzi. Amafuna zithunzi zogwira zochitika mmene zikuchitikira, wojambula osauza munthu poti aime: mayi a mkwatibwi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ankhoswe akunong'onezana, kamwana kogwira maluwa katagona pa benchi. Ojambula amazitcha documentary. Amafunanso zithunzi zokonzedwa ngati za pachikuto cha magazini, diresi litayalidwa bwino, kuwala kutasankhidwa, mkwati atauzidwa poika dzanja. Izi ndi za editorial. Kalekale wofuna zonse ziwiri amayenda ndi makamera awiri, ina yomangidwa 24-70mm ina 70-200mm. Tamron 35-150mm f/2-2.8 Di III VXD inabwera kudzathetsa katundu ameneyu, ndipo mbali yaikulu imakwanitsadi.

Inatuluka mu 2021 ya makamera a Sony E pa mtengo wa madola 1,899 a ku America, ndipo ya Nikon Z inatsatira mu 2023. Ya Sony imalemera magalamu 1,165, kutalika kwake ndi mamilimita 158, ndipo imalandira filter ya 82mm. Dzina likunena f/2, nambala yosonyeza kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala (nambala ikachepa, kabowo kamakula), koma musanamizidwe nalo: f/2 imapezeka pa 35mm penipeni ndi pang'ono chabe kupitirira apo. Mukamakoka zoom kabowo kamacheperachepera, ndipo pofika 85mm muli kale pa f/2.8 mpaka ku 150mm. Mkati mwake mulibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke, imadalira cha m'kamera. Pa makamera a Sony A7 III kapena A7 IV palibe vuto, koma pa kamera yopanda chimenecho liwiro la shutter, chotsegula ndi kutseka kuwala, lisatsike pansi pa 1/200 ya sekondi mukakhala ku 150mm.

Kumene imaonetsa mphamvu zake ndi m'tchalitchi. Abusa ndi ansembe ambiri safuna wojambula womangoyendayenda kuguwa, ndipo ena amaletseratu fulashi. Mutaima malo amodzi m'mbali, pa 35mm mumagwira mkwatibwi akulowa ndi mpingo wonse utaimirira, kenaka mkono umodzi kupotoza, muli pa 150mm mphete ikulowa chala. Palibe kusintha lenzi, palibe kulendewetsa kamera yachiwiri. Yambani ndi 1/250, kabowo kotsegula kwathunthu, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ikhale yodzisankhira yokha koma muiikire malire a 6400. Diresi loyera pafupi ndi khungu lakuda ndi suti yakuda limasokoneza kamera: ikayeza pa suti, diresi limayera mbuu nsalu yake osaoneka, ikayeza pa diresi, nkhope zimada. Jambulani RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), yatsani zebra (mizere yochenjeza pamene payera mopitirira), tetezani diresi, nkhope mudzazikweza pa kompyuta. Autofocus yake ndi yachangu ndiponso yosamveka phokoso, ndipo imatsata diso bwino ngakhale pamene pali velo, ngakhale velo la maluwa okhuthala nthawi zina limainyenga n'kugwira nsalu m'malo mwa diso.

Pa zithunzi zokonzedwa ndi pamene pakufunika kudziwa masamu ake pang'ono. Pa 135mm, kamera itaimikidwa choongoka, kuti akwati alowe kuyambira kumutu mpaka kumapazi ndi kampata kotsala muyenera kuima mamita pafupifupi 8. Pa 85mm ndi mamita 5 ndi pang'ono. Mtunda wa mamita 8 ndi umene umapangitsa mitengo ya kumbuyo kusungunuka bwino, chithunzi n'kuoneka chodula, koma ndi mtunda woti muzikuwa kuti akumveni, ndipo operekeza akwati amakonda kudutsa pakati. Khalani ndi wothandiza woima pafupi ndi akwati, woyala diresi ndi kubwereza zomwe mukunena. Cholakwika chofala kwambiri n'kujambula anthu awiri pa 150mm f/2.8 muli pafupi. Pa mamita 3, malo akuthwa ndi masentimita ngati 7 okha. Mkwati akaima kumbuyo kwa mkwatibwi atamukumbatira, nkhope yake imakhala kunja kwa masentimita amenewo, ndipo pa kasikirini ka kamera simuona kanthu. Mudzazindikira usiku pa kompyuta. Nkhope zikhale pa mzere umodzi, apo ayi tsekani kufika f/4 kapena f/5.6 ndi kubwerera m'mbuyo.

Vuto lalikulu la zithunzi za editorial pa maukwati athu ndi nthawi, ndipo lenzi singalithetse. Ku tchalitchi kumatha cha m'ma 11 kapena 12 koloko, akwati n'kupita kokajambulitsa dzuwa lili paliwombo, maso atalowa m'mithunzi, chipumi chikunyezimira thukuta. Kuwala kokoma kwa pakati pa 4:30 ndi 5:30 madzulo kumapeza perekani-perekani ali pachimake, ndipo palibe wa komiti angakulolezeni kutenga akwati ndalama zikugwa. Choncho pali njira ziwiri. Yoyamba ndi mthunzi: pansi pa mtengo waukulu kapena pakhonde, akwati ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, wothandiza agwire reflector (chobwezera kuwala) yoyera. Yasiliva imathobwa m'maso. Yachiwiri ndi kulimbana nalo dzuwalo ndi fulashi. Masana owala, pa ISO 100 ndi f/2.8, kamera imafuna 1/3200, pamene A7 III imagwirizana ndi fulashi mpaka 1/250 basi. High-speed sync, njira yolola fulashi kugwira pa liwiro loposa pamenepo, imatheka koma imadya mphamvu ya fulashi, moti fulashi ya Godox AD200Pro ili mu softbox (chofewetsa kuwala) imayenera kuyandikira kwambiri kuti igwire ntchito. Filter ya ND16, galasi lakuda lochepetsa kuwala, imatsitsa 1/3200 kufika 1/200, fulashi n'kugwira ndi mphamvu zake zonse. Kumbukirani kuti filter za 82mm n'zodula kuposa za 67mm zomwe malenzi ena a Tamron amagwiritsa ntchito; iikeni pa bajeti.

Pemphani mphindi 25 za akwati okha, ndipo zilembedwe pa pologalamu ya tsikulo osati kungogwirizana pakamwa. Zisanu zoyambirira ndi zokonza diresi ndi kupukuta thukuta, khumi ndi zisanu za zithunzi zokonzedwa, zisanu zomaliza muwasiye aziyenda akucheza inu muli patali pa 150mm. Kawirikawiri chithunzi chimene chimakapachikidwa pabalaza chimachokera mu mphindi zomalizazi, pamene malo ndi kuwala mwasankha ndinu koma kuseka ndi kwao.

Dzuwa likakhala kumbuyo kwa akwati n'kulowa m'galasi, lenzi iyi imatulutsa timadontho ta kuwala ndipo chithunzi chimafuwa. Ena amakonda maonekedwe amenewa. Ngati simukuwafuna, hood, chotchingira dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, isachoke, ndipo sunthani phazi limodzi kuti dzuwa libisale kuseri kwa mutu kapena nthambi.

Ku holo ndi kumene kufooka kwake kumaonekera. 35mm si yotambalala mokwanira pa perekani-perekani. Gulu la kuntchito kwa mkwatibwi likaitanidwa, anthu amathithikana pamodzi, akuvina, ndalama zikuuluka, osintha ndalama akudutsa ndi mbale, ndipo wojambula ayenera kukhala m'kati mwa chipwirikiticho. Pa 35mm, kuti mugwire malo a mamita 6 m'lifupi muyenera kubwerera mamita 6, pamene 24mm imafuna mamita 4 okha. M'holo yodzadza mamita 6 amenewo mulibe, muli mipando ndi misana ya anthu. N'chimodzimodzinso m'chipinda chovalira mkwatibwi ndi pa chinkhoswe cha pakhomo. Kalenzi kakang'ono ka 20mm kapena 24mm kasasowe m'thumba. Amene ali ndi kamera ya sensor yaing'ono (APS-C) ngati Sony A6400 asaiganizire n'komwe lenziyi ngati ya tsiku lonse, pakuti 35mm imasanduka ngati 52mm.

Magetsi a LED a okongoletsa holo, ofiirira ndi abuluu aja, amaononga khungu ndipo amathanso kuika mizere pa chithunzi mukagwiritsa silent shutter, yojambula mopanda phokoso. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye 1/100 kapena 1/50 imachepetsa mizereyo, koma ovina amatuluka osaoneka bwino. Njira yabwino ndi shutter wamba pa 1/200 ndi fulashi yowomba kudenga ngati denga ndi loyera. Ngati ndi malata kapena nsalu zamitundu, fulashi ikhale pa stand m'mbali.

Tsopano kulemera. A7 III ndi magalamu 650. Kuphatikiza lenzi ndi fulashi ya Godox V1 pamwamba, mukunyamula kupitirira makilogalamu 2.3 m'dzanja limodzi kuyambira 6 koloko m'mawa ku saluni mpaka kudula keke. Zoona, Sony 24-70mm GM II ndi 70-200mm GM II pamodzi ndi magalamu 1,740, koma amenewo amagawika pa mapewa awiri ndipo mumakweza imodzi pa nthawi. Apa katundu yense ali kutsogolo, ndipo lamba wa pakhosi uja wobwera ndi kamera sathandiza. Gulani wopingasa pachifuwa, ndipo tsekani loko wa zoom poyenda. Lenziyi imatalika mukaikoka, ndiye pa maukwati a mu Seputembala ndi Okutobala fumbi limakhala pa thupi lotulukalo, lipukuteni musanaibweze. Komabe kusasinthasintha malenzi panja kumateteza sensor ku fumbi lomwelo, ndipo aliyense amene anachotsapo timadontho pa zithunzi 600 za thambo adziwa phindu lake.

Kukula kwakenso kumasokoneza ntchito ya documentary. Galasi la 82mm lokhala ndi hood likaloza munthu pa mamita awiri, agogo amaongola duku, ana amaimika zala ziwiri, chomwe mumafuna chapita. Ndi kalenzi ka 35mm f/1.8 anthu amakuiwalani msanga. Ndi Tamron iyi muyenera kujambula zambiri muli chapatali, pakati pa 70mm ndi 135mm, ndipo zithunzi zake zimaoneka ngati za munthu woonerera osati wa m'gululo.

Wojambula wogwira yekha wokhala ndi kamera imodzi ya full-frame (ya sensor yaikulu, ngati A7 III), ndalama zake sataya pogula lenziyi, bola awonjezere kalenzi kotambalala kaja. Amene ali kale ndi makamera awiri ndi malenzi awiri aja sapindula zambiri. Samyang inatulutsa yake ya 35-150mm f/2-2.8 mu 2023 pa mtengo wotsikirapo, ndipo nayonso ndi yolemera chimodzimodzi. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, walitsani tochi m'galasi kuona ngati muli nkhungu, jambulani khoma la njerwa pa 35mm ndi pa 150mm kabowo kali kotsegula, kenaka yerekezani ngodya zonse zinayi pa kompyuta musanapereke ndalama.