Power of attorney yogulira puloti mu Blantyre: zimene zimaoneka pakapita miyezi

Amalawi ambiri okhala ku Joni ndi ku UK amagula malo mu Blantyre kudzera mwa m'bale amene amupatsa power of attorney, chikalata chomulola kusaina m'malo mwawo. Pakapita miyezi, chimene chimapezeka kuti chathandiza ndi chikalata cholembedwa mopanikiza: puloti imodzi, nambala ya title yake (chikalata cha umwini wa malo), mtengo wosayenera kupitirira, ndi tsiku lothera mphamvuyo. Chongoti "achite chilichonse" chimakoma tsiku losaina lokha, chifukwa chimamulolanso m'baleyo kugulitsa malowo kapena kuwaika chikole kubanki.

Muli kunja, sainani pamaso pa notary public (wovomerezeka ndi lamulo kuchitira umboni kusaina kwa zikalata) kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ya ku Pretoria, ndipo mutumize chikalata chenichenicho. Chithunzi cha pa WhatsApp sichigwira ntchito. Loya akachilembetse ku Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, m'baleyo asanasainire china chilichonse.

Chimene chimadya nthawi si chikalatachi ayi. Malo a lease sasinthidwa dzina popanda chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre. Wogulitsa amafunikanso tax clearance ya ku MRA, kalata yosonyeza kuti za misonkho zili bwino, ndipo ngongole za ground rent ndi city rates zimatulukira pomwepa. Amene analemba kuti mphamvu ithe pa miyezi 3 amapezeka kuti chikalata chatha ntchito chilolezo chisanatuluke, nkuyambiranso kusaina ndi kutumiza. Chaka chimodzi ndiye chabwino.

Pa ndalama mpamene abale amadana. Chikalatachi chimapereka mphamvu yosaina, sichilonda thumba. Ndalama zipite ku akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala, zituluke search (kufufuza m'kaundula wa ku Land Registry) ikasonyeza mwini weniweni komanso saveya akapeza mabikoni. Madobadoba amakonda kufulumizitsa, akuti wina wabwera kale ndi ndalama, asiyeni.

Malo a kwa amfumu, monga mbali zina za Chileka, Lunzu ndi Mpemba, ndi nkhani ina. Nthawi zambiri kulibe title yoti mufufuze, ndiye power of attorney singakutetezeni ngati pulotiyo inagulitsidwa kawiri.

Zonse zikatha, itanitsani search ina muone ngati dzina lolembedwa ndi lanu, osati la wokuimirani. Kenako loya alembe kalata yothetsa mphamvuyo, ayilembetse ku registry komweko, ndipo m'baleyo alandire kope lake.